Mlonda Wosagona wa M'nyumba za Yunivesite

Munthu wochokera ku Lilongwe pa msewu wa M1, akapitirira Dedza ndi Lizulu, nayenda ndithu m'chigawo chija m'mene msewu womwewo ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, amafika pa Mlangeni, dera lokwera ndi lozizira la m'boma la Ntcheu, kumene amayi amandandalika kachewere, kabichi ndi tomato m'mphepete mwa phula. Ambiri odutsa amaona malondawo n'kumapita, osazindikira kuti dera lomweli limasunga achinyamata ochuluka ogona pamodzi m'nyumba zazikulu, ena ku sukulu yophunzitsa apolisi, ena ku Lakeview, kumene kuli Malawi Adventist University. Tsono popeza ana athu tidayamba kuwagoneka chotere, makumimakumi pansi pa denga limodzi, pano ndi ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Blantyre ndi ku Thyolo komwe, nkoyenera kuti tifunsane funso limene makolo athu sadalifunse chifukwa silidali lofunika kwa iwo: kodi moto ukabuka pakati pa usiku m'nyumba yotere, adzadzutsa anthu ndani?

Pamudzi yankho lake lidali lodziwika. Nyumba ikagwira moto, woyamba kuona ankakuwa mfuu, wina n'kuilandira, ndipo posakhalitsa mudzi wonse udali panja, amayi ndi zidebe za madzi, abambo ndi nthambi zaziwisi, anyamata ali pa tsindwi la nyumba yoyandikana nayo kusasula udzu kuti malawi asalumphire. Ku sukulu ndi ku tchalitchi ankawonjezapo chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pa mtengo, chimene akachimenya mosalekeza pa nthawi yosakhala yake, aliyense ankadziwa kuti kwagwa zina. Dongosolo limeneli lidali lokwanira, pakuti nyumba inali ya zipinda ziwiri, khomo lili pafupi ndi mphasa, ndipo mawu a munthu ankadutsa m'zipupa za dothi mosavuta. Koma m'chigono chosanjikizana cha simenti, cha kolido yaitali ndi zitseko zambirimbiri zotseka, mfuu ya munthu mmodzi imathera pa chipinda chachitatu. Ndipo m'laibulale kapena m'labotale, m'mene usiku simukhala munthu, mulibe ngakhale woikuwa mfuuyo.

Tisanafike pa zipangizo, tiyambe tamvetsa mdani wake. Anthu ambiri ofera m'nyumba zoyaka saphedwa ndi malawi ayi, koma ndi utsi, umene umafika patsogolo, n'kudzaza kolido kuyambira kudenga kutsika pansi, utanyamula mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, womwewo umene umagoneka anthu tulo tosadzuka akatsekera mbaula ya makala m'nyumba m'miyezi yozizira ya June ndi July, monga akudziwa bwino anthu a ku Ntcheu ndi ku Dedza. Munthu akagona tulo tofa nato mphuno yake simudzutsa. Khutu ndilo limakhala tcheru. Komanso katundu wa masiku ano amayaka mofulumira kuposa wa kale: matiresi a siponji, maneti a udzudzu, makatani a nayiloni ndi mipando ya pulasitiki zimatulutsa utsi wakuda wotsamwitsa, kotero kuti akatswiri amati nthawi yothawira m'chipinda chotere ikhoza kuchepa kufika pa mphindi zitatu zokha. Alamu ya moto siizimitsa moto, ndipo amene adaigula ndi chiyembekezo chimenecho adanamizidwa. Ntchito yake ndi imodzi, ndiyo kupatsa munthu mphindi zimenezi zisanathe.

Mukalowa m'nyumba yokonzedwa bwino, kwezani maso kudenga. Mudzaona kachipangizo koyera kozungulira, kokwana m'dzanja, kokhala ndi timipata m'mbali mwake ndi kanyali kofiira kophethira mwa apo ndi apo. M'kati mwake muli kachipinda ka mdima, ndipo m'kachipindamo muli kuwala kochepa kolunjika mbali imodzi, ndi kadiso ka magetsi koikidwa chammbali mwadala kuti kuwalako kasakaone. Mpweya ukakhala woyera, kadisoko kamakhala mu mdima, ndipo zonse zili chete. Koma utsi ukalowa pa timipata tija, tizidutswa take timamwaza kuwala, kwina n'kugwera pa kadiso, ndipo pomwepo uthenga umathamanga pa waya. Palinso mtundu wina wakale, umene chiyambi chake chidali mwangozi: m'zaka za m'ma 1930 katswiri wa ku Switzerland, Walter Jaeger, ankayesa kupanga chipangizo chozindikira mpweya wa poizoni, chimene chidamukanika, koma atayatsa ndudu yake adaona kuti chipangizocho chamva utsi wa fodyayo. Mtundu umenewu umagwiritsa ntchito kachidutswa kakang'onong'ono ka americium, ndipo umamva msanga moto wa malawi, pamene wa kuwala uja umapambana pa moto wonyeka pang'onopang'ono, monga wa matiresi kapena wa waya wotentha m'kati mwa khoma, umene ndiwo wa usiku.

Ku khitchini, kumene nsima ya anthu mazana imaphikidwa m'miphika ikuluikulu ndipo nthunzi ndi utsi ndi za tsiku ndi tsiku, kachipangizo komva utsi kakadalira m'mawa, masana ndi madzulo. Chotero kumeneko amaika kena komva kutentha, kamene kamadikira kuti mpweya wa kudenga ufike pa madigiri 57 kapena 58, kapenanso kuti kutentha kukwere mwadzidzidzi. Pafupi ndi makomo otulukira ndi pa masitepe pamakhala timabokosi tofiira tokhala ndi galasi kutsogolo, kuti munthu woona moto ndi maso ake asadikire makina, koma adinde pamenepo ndi chala. Nzeru imeneyi njakale ndithu, pakuti mzinda wa Boston ku America udaika mabokosi otere m'misewu yake mu 1852, mwa luso la William Channing ndi Moses Farmer, olumikizidwa ndi mawaya a telegalafu.

Mawaya onsewa amakathera pa bokosi limodzi lalikulu, limene amisiri amalitcha panelo, ndipo kawirikawiri limakhala pafupi ndi khomo lalikulu kapena m'kanyumba ka alonda. M'makonzedwe osavuta nyumba imagawidwa m'zigawo, ndipo panelo imangonena kuti moto uli m'chigawo chakuti, monga nsanjika yachiwiri kumadzulo, n'kusiyira munthu kuti afufuze chitseko ndi chitseko. M'makonzedwe okwera mtengo kachipangizo kalikonse kali ndi nambala yake, kotero kuti panelo imalemba chipinda chenichenicho. Koma chimene ine ndimachiyamikira koposa pa bokosi limeneli nchakuti limadzilondanso lokha: waya akaduka, kaya wadyedwa ndi khoswe kudenga, kachipangizo kakazulidwa, kapena batire likafooka, limayatsa nyali yachikasu ndi kulira motsitsa, kudandaula kuti likudwala. Tsoka lake nlakuti kulira kumeneku kumasowetsa mtendere mlonda wofuna kuwodzera, ndipo batani loletsera phokoso lili pomwepo.

Pa nkhani ya batire tiyenera kuimapo pang'ono, pakuti kuno kwathu ndi pamene pagona nkhani. Malamulo a ku Britain otchedwa BS 5839, amene amisiri a m'maiko ambiri amawatsata, amafuna kuti magetsi akazima mabatire asunge dongosolo lonse kwa maola 24, ndi kukhalabe ndi mphamvu yoliza mabelu kwa mphindi 30 pamwamba pake. Olemba malamulowo ankaganiza za dziko limene kuzima kwa magetsi ndi chinthu chachilendo. Ife magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene udatsatira namondwe wa Ana mu January 2022, ataononga damu la ku Kapichira. Batire lotsitsidwa ndi kudzazidwa tsiku ndi tsiku limakalamba lisanakwanitse zaka zinayi kapena zisanu zimene limayembekezeka kukhala. Ndipo taonani kuipa kwake: ora limene magetsi azima ndilo ora limene wophunzira wa mayeso a mawa amayatsa kandulo pafupi ndi neti, ndipo ora limene abweranso, anthu atagona, ndilo limene hotipuleti ndi ayironi zoiwalika pa soketi zimayamba kutentha popanda woziona. Nthawi imene alamu ikufunika kwambiri ndi yomweyo imene ingapezeke ilibe mphamvu.

Belu nalonso lili ndi muyeso wake. Malamulo omwe aja amati phokoso lisachepere madesibelo 65 paliponse m'nyumba, ndipo pamene pagona anthu lifike 75 kumutu kwa bedi, chitseko chili chotseka. Nchifukwa chake belu limodzi kumapeto kwa kolido silikwanira, ngakhale liboole m'makutu mwa amene waima pansi pake. Ndipo popeza masukulu athu aukachenjede tsopano amalandira ophunzira osamva, monga kuyenera, pamafunikanso nyali zothwanima, ndi kachipangizo konjenjemera koika pansi pa pilo.

Wina angati izi ndi nkhani za maiko a kutali. Ayi ndithu. M'mamawa wa pa 18 December 2015 moto udanyeketsa laibulale ya Mzuzu University, n'kupsereza mabuku pafupifupi 45,000, chuma chimene chidasonkhanitsidwa pang'onopang'ono chitsegulire sukuluyo, ndipo ophunzira a chigawo chonse cha kumpoto adatsala manja ali m'khosi. Madzi akatayika saoleka: nyumba ina ikhoza kumangidwa, ndipo ophunzira a zomangamanga a ku Virginia Tech ku America adathandizadi kujambula mapulani a laibulale yatsopano, koma buku limene lidalipo limodzi lokha likapsa, lapsa. Pa 18 April 2021 zoterezi zidagweranso University of Cape Town ku South Africa, pamene moto wolusa wochokera m'mapiri a pamwamba pa sukuluyo udalowa m'chipinda chowerengera cha Jagger Library, mosungidwa zolembedwa zambiri za mbiri ya Africa. Chipindacho chidapsa, koma zipangizo zomva moto zidatsitsa zitseko zachitsulo zimene zidatchinga malawi kuti asafalikire mbali zina za laibulaleyo, ndipo ophunzira pafupifupi 4,000 adasamutsidwa m'zigono zawo. Apa tikuona kuti panelo ikhoza kulamulanso zinthu zina: kutseka zitseko zotchinga utsi, kuimitsa zikepe zokwerera m'nyumba, ndi kuitana ozimitsa moto.

Komabe nkhani imene ndikufuna kuti oyang'anira zigono aisinkhesinkhe koposa zonse ndi ya ku Seton Hall University, m'chigawo cha New Jersey ku America. Kumeneko alamu idalipo, ndipo inali yamoyo. Usiku wa pa 19 January 2000, kusanache, moto udayatsidwa mwachibwana m'chipinda chochezera cha chigono chotchedwa Boland Hall, belu lidalira monga mwa ntchito yake, koma ophunzira ambiri adangotembenuka n'kufunda bulangete kumutu, chifukwa m'miyezi ya m'mbuyomo belu lomwelo lidawatulutsa panja pozizira kambirimbiri popanda moto uliwonse. Anyamata atatu adafa, ndipo oposa 50 adavulala. Chaka chomwecho boma la New Jersey lidalamula kuti m'zigono za masukulu aukachenjede muikidwe mipope yowaza madzi yokha moto ukabuka. Malembo Oyera amatiphunzitsa za mlonda woikidwa pa linga ndi lipenga m'manja, kuti akaona mdani osaliza, mlandu ndi wake, koma akaliza anthu osasamala, mlandu ndi wawo. Koma nanga mlonda amene waliza lipenga kakhumi popanda mdani, kufikira anthu ataleka kumukhulupirira, mlandu wake tiuike pa yani? Ine ndikuti tiuike pa amene adapatsidwa udindo womusamala, pakuti kulira kwabodza kuli ndi zifukwa zake zodziwika, ndipo pafupifupi zonse nzochizika.

Kuno kwathu zifukwazo nzosasowa. Fumbi la mwezi wa October limalowa m'kachipinda ka mdima kaja n'kumamwaza kuwala monga momwe utsi uchitira. Akangaude ndi nyerere amamangamo. Mankhwala opopera udzudzu, nthunzi ya ku bafa, ndi utsi wa usipa wokazingidwa mobisa m'chipinda chogona, zonsezi zimaliza belu. Ndipo wophunzira wochenjera, amene safuna kugwidwa akuphika kumene malamulo amaletsa, amakwera pa mpando, n'kuveka kachipangizoko jumbo kapena sokosi, n'kumanga ndi mphira. Chakudya chake amadya mwamtendere, jumbo ija n'kuiwalika pomwepo teremu yonse. Sindikumuweruza mwankhanza mwanayu, pakuti ndalama ya chakudya imene amalandira kwa makolo njochepa ndipo njala siidziwa lamulo. Koma sukulu yanzeru imamumangira kakhitchini ka onse, kokhala ndi chipangizo chomva kutentha, m'malo mongomuopseza ndi chilango chimene chimangomuphunzitsa kubisa.

Tinene tsono kuti belu lalira, ndipo anthu alikhulupirira, nadzuka. Atulukira pati? Mu March 2001, ku Kyanguli Secondary School m'dera la Machakos ku Kenya, anyamata 67 adafera m'chigono chimene khomo lake lina lidali lokhoma ndipo mazenera ake adali otchingidwa ndi zitsulo. Mu November 2003, ku Moscow, ophunzira oposa 40 a Peoples' Friendship University, ochokera ku maiko osiyanasiyana a ku Africa, Asia ndi kwina, adafa pa moto wa m'chigono chimene makomo ake ena adali otseka, ena mwa iwo polumpha kuchokera pa mazenera a m'mwamba. Ife Amalawi tisadzione ngati osiyana nawo, pakuti kuopa akuba kudatiphunzitsa kuwotcherera zitsulo pa zenera lililonse ndi kupachika loko pa khomo lililonse lakumbuyo, kiyi wake n'kupita naye kunyumba munthu amene waweruka. Mantha amenewa ali ndi maziko, ndipo palibe kholo lingakondwe kumva kuti chigono cha ana aakazi chimagona chosakhoma. Koma amisiri adapeza kale njira yokhutiritsa mbali zonse ziwiri, ndiyo chitseko chimene kunja nchokhoma, koma m'kati chili ndi mpiringidzo wongokankha ndi thupi, chotsegukira kunja, kotero kuti ngakhale khamu lothinana mu mdima limachitsegula ndi kulemera kwake komwe. Chitseko chotere sichioneka pa tsiku la alendo, ndipo mwina nchifukwa chake chimatsalira pa bajeti.

Kwa malo onga Mlangeni palinso china. Magalimoto ambiri ozimitsa moto m'dziko muno ali m'manja mwa makhonsolo a mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ndi ku mabwalo a ndege. Ndipo kuchokera ku Lilongwe kufika pa Mlangeni ndi mtunda woposa makilomita 100. Galimoto yonyamula madzi, ngakhale itanyamuka mphindi yomweyo, ingafike nyumba itagwa kale denga. Sukulu ya kumudzi iyenera kudziwa kuti ozimitsa moto ake ndi alonda ake, aphunzitsi ake, ophunzira ake, ndi anthu a m'midzi yozungulira, amene pa tsiku loipa adzathamanga ndi zidebe monga mwa mwambo wa makolo; akuluakulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Chotero alamu yofulumira njofunika kuno kuposa mu mzinda, pakuti moto wongoyamba kumene umagonja kwa munthu mmodzi wokhala ndi botolo lofiira lozimitsira moto, malinga ngati adaphunzitsidwa kuzula kapini, kuloza patsinde pa moto osati pa malawi, ndi kudziwa kuti madzi sathira pa mawaya a magetsi kapena pa mafuta oyaka. Ndipo popeza m'miyezi ya September ndi October tchire la m'mapiri a Ntcheu limayaka ndi moto wa osaka mbewa ndi ososa m'minda, kulambula mozungulira nyumba ndi kukhala ndi thanki ya madzi yosungira tsiku limenelo ndi mbali ya nkhani yomweyi, monga adaphunzirira anzathu a ku Cape Town.

Chotsala ndi ntchito yosasangalatsa imene palibe amaiimbira m'manja. Sabata iliyonse, pa tsiku ndi ora lodziwika kwa onse, munthu mmodzi amatenga kakiyi koyesera, n'kuliza belu kuchokera pa kabokosi kofiira kamodzi, sabata yotsatira kena, kufikira onse atayesedwa, ndipo amalemba m'buku tsiku, malo ndi zimene waona. Kawiri pa chaka mmisiri amabwera kudzapukuta fumbi, kuyesa zipangizo ndi utsi wa m'chitini, ndi kuyeza mphamvu ya mabatire. Teremu iliyonse, makamaka sabata imene afika ophunzira atsopano, onse amayeserera kuthawa, ndipo kosachepera kamodzi zizichitika usiku, pakuti njira imene munthu amaidziwa masana imasokonekera mu mdima. Kholo loperekeza mwana ku sukulu, limene limafunsa za fizi, za chakudya ndi za chitetezo cha katundu, lili ndi ufulu wonse wopempha kuona buku limeneli, ndi kukankha lokha chitseko chakumbuyo cha chigono kuti lione ngati chikutseguka.

Pa kuyeserera kumeneku ndi pamene ophunzira amaphunzira zing'onozing'ono zopulumutsa moyo: kukhudza chitseko ndi kuseri kwa dzanja asanatsegule, kukwawa pansi pa utsi kumene mpweya uli woyerako, kutseka chitseko m'mbuyo mwawo kuti moto usowe mpweya, kugogoda kwa mnzawo wa chipinda choyandikana, ndi kusabwerera kukatenga laputopu, ngakhale muli ntchito ya zaka zinayi. Onse amakasonkhana pa bwalo limodzi losankhidwiratu, kutali ndi makoma ndi njira ya magalimoto, ndipo woyang'anira chigono amaitana maina mmodzimmodzi kuchokera m'kaundula wa usiku umenewo, kuti pasapezeke munthu wolowanso m'nyumba yoyaka kukafuna mnzake amene adapita kumudzi Lachisanu.